Ndakulunga Waya wa Gitala pa Makina Anu

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Mwenilondo tilipo, tikudya, tikukangana monga mwa masiku onse. Ndine Tumpale, mwana wanu woyamba, yemwe munkati anabadwa kukamwa kuli yasa. Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Ntchisi, chifukwa zaka zonse zimene munakhala kuno ku Karonga, Chinkhonde chanu chinangothera pa moni ndi kunenerera mtengo wa usipa. Patha chaka ndi miyezi iwiri chikuikireni m'manda, ndipo aka n'koyamba kugwira cholembera mtima uli mbee. Ndili ndi nkhani yoti mukanakhalapo mukanaimika makina n'kuvina sizasi ili m'manja. Koma muyambe mwamva zapakhomo, mungati ndaiwala mwambo.

Mpunga wachita bwino chaka chino. Madzi anabwera pa nthawi yake, mbalame sizinavute kwenikweni, ndipo matumba adzaza kachipinda kaja mpaka kutseka zenera. Chinangwa cha kumunsi chinaola pang'ono. Chimbudzi chinagwa ndi mvula ya mu Febuluwale, mwamwayi munalibe munthu, ndipo takumba china kuseri kwa nthochi. Mlongo wanga Gwakisa ali ndi mwana tsopano, wamwamuna, anabadwa mu Epulo. Chipumi ndi chanu chenicheni, ndipo akamalira amakwinya nkhope monga munkachitira kasitomala akabwera ndi nsalu yochepa koma akufuna diresi ya manja aatali. Adada bondo likuwavuta koma ndodo akukana, akuti ndi ya nkhalamba. Mu tiyi akuthira shuga masipuni anayi poti palibenso wowalanda chitini. Ine ndayesa, andiuza kuti sindine mkazi wawo.

Tsopano nkhani ya gitala.

Mukukumbuka chaka chija mgodi wa ku Kayelekera unatseka, anthu akugulitsa katundu m'mbali mwa msewu kuti apeze yokwerera kubwerera kwawo? Inu munapita kukafuna simbi yositira, n'kubwera ndi gitala yamagetsi yofiira, mutaikulunga m'chitenje, ili pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Adada anafunsa ngati malaya awo tiziwasita ndi gitala. Inu munati, "Mwanayu wamaliza mawaya a mabuleki a njinga m'mudzi muno pomangira pa zigubu. Msiyeni aimbe chenicheni." Akuluakulu a mpingo atakana kuti mkazi sangaime kutsogolo gitala ili pamimba ngati woimba m'mabala, munamanga duku lanu loyera n'kukakhala pakhonde pa abusa kuyambira m'mawa, osadya, osakweza mawu, mpaka anavomera dzuwa litapendeka. Malo amene ndakhala ndikuima mu kwaya zaka zonsezi, kumanja kwa oimba pafupi ndi zenera, munandimenyera nkhondo ndinu. Amayi, malo amenewo ndinatsala pang'ono kuwataya, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe.

Mutapita, gitala ndinaipachika pa msomali m'chipinda chanu chosokera n'kutseka chitseko. Palibe anandiletsa kuimba. Titameta, azakhali anandiuza kuti ndikhoza kubwerera ku kwaya, koma ndikangoiyang'ana manja ankalemera. Ntchito ndinkagwirabe pakhonde pa sitolo ya Che Saidi pamene munkakhala inu, ndi makina anga amagetsi aja, koma m'chipinda chanu sindinkalowamo. Sindinadziwe kuti lata lina linabooka pamwamba pa msomali pomwepo. Dzinja lonse madzi ankatsetsereka pakhoma n'kumalowa m'gitala, ine ndili busy... ayi, ndinene zoona, ine ndili kulira kuchipinda kwanga.

Chimene chinandidzutsa si chitonthozo ayi, ndi mkwiyo. Ine kulibe, kwaya inapeza kiyibodi, ndipo amaiimba mnyamata wina, mphwawo wa a Kayange, akwayamasita athu. Lamulungu lina mu Meyi anaimba nyimbo yanu ija ya Yesu wodyetsa nkhosa. Amayi, anaithamangitsa, ng'oma za m'makina zikugunda ngati pa disiko, amayi okalamba akulephera pokokera mpweya. Ndinakhala pabenchi mano ali gwa. Lachinayi lotsatira ndinatsegula chipinda chanu, ndinapukuta fumbi pa gitala, ulendo ku pulakatisi mutu uli m'mwamba. Ndinalumikiza ku sipika anthu onse akundiyang'ana, ndinakhudza nsambo, zii. Ndinapotokola mabatani onse, ndinasintha chingwe, ndinaimenya ndi chikhato. Sipika inkangong'ung'udza yokha, gitala osalankhula.

A Kayange si munthu woipa, koma amanena chinthu mmene chilili. Anati, "Amama, tiyowoye unenesko, gitala iyi yafwa. Mu kiyibodi umu muli gitala, muli malipenga, muli vyose. Imwe bwererani ku alito, mawu muli nawo abwino chomene." Ndinawayankha zimene sindingalembe m'kalata yopita kwa mayi wanga. Atandisiya kuti ndizizire, anati patsala masabata awiri okha kuti makwaya onse akakumane ku tchalitchi cha ku Uraha. Gitala ikalira pofika Lachinayi lomaliza, ndipita nayo. Ikapanda kulira, nyimbo zonse aziika pa kiyibodi, ndipo sadzabwereranso m'mbuyo, chifukwa oimba sangamangosinthasintha podikira munthu mmodzi. Anali ndi mfundo, ndipo n'chifukwa chake zinandiwawa kwambiri.

M'mawa mwake, Lachisanu, ndinapita nayo kwa Che Saidi. Akadali chimodzimodzi, magalasi omanga ndi ulusi, mawailesi akufa atadzaza mashelefu, ndipo akunenabe kuti chaka chamawa abwerera kwawo ku Mangochi. Anamasula kachipangizo kakuda kaja kamene kamakhala pansi pa nsambo. Oimba timakatchula kuti pikapu, ndipo ndi kamene kamamva kunjenjemera kwa nsambo n'kutumiza ku sipika. Mukudziwa kuti gitala yathu inabwera ndi imodzi yokha, pamalo pa inzake panali bowo limene munatseka ndi kachikopa. Atavundukula, m'kati munali timaginito tisanu ndi kamodzi titaima pamzere, titakulungidwa ndi waya wopyapyala kuposa tsitsi. Mbali ina waya anali atabiriwira ngati ndere. Che Saidi anagunditsa timawaya ta mita yawo yoyezera, muvi wake osasuntha ngakhale pang'ono.

"Mwanangu," anatero, "waya ameneyu ndi mmodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, wangozungulira kambirimbiri. Akaduka pena paliponse, gitala yasanduka bubu. Yatsopano mpaka Dar kapena Lilongwe, ndipo masabata awiri sindikulonjeza, mwinanso ibwera yosakwana pabowopa. Kukulunga wina n'kotheka, koma maso anga anatha, ndipo taona manjawa mmene akunjenjemerera."

Ndinakatenga kachinthuko n'kukatembenuza m'manja. Amayi, ndinaseka. Ndinati, "Bambo, koma iyi ndi bobini basi. Ine ndakulira pa bobini." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi, kenako anakwera pa mpando n'kutsitsa chitini chakale cha mabisiketi. M'katimo munali mpukutu wa waya wofiirira, wotsala pa masiku amene ankakulunga matiransifoma a mawailesi. Anati ndi womwewo, sakudziwanso wina amene ali nawo m'Karonga muno, ndipo ungakwane maulendo awiri okha. Anati ndisayerekeze pa makina anga amagetsi, othamanga ngati minibasi ya ku Songwe, koma pa makina anu opondera. Ndikamaliza ndibwere nayo adzawotcherere nsonga ziwirizo. Anali akadalankhula pamene kumzikiti kunamveka kuitana, ndipo anatseka sitolo mofulumira kukaswali. Ine ndinachoka ndikudziona ngati ndadziwa zonse.

Loweruka ndinavundukula makina anu. Fungo la mafuta aja linandipeza ndisanakonzeke, moti ndinakhala kaye pampando wanu kwa nthawi ndithu. Kenako ndinagwira ntchito ngati telala. Ndisanadule waya wakale, ndinamuyeza chiuno ndi tepi yanu n'kulemba muyezo pakhoma ndi choko, kuti watsopano adzanenepe chimodzimodzi. Ndinamudula ndi lezala, ndinapala dzimbiri pa timaginito, ndinatikuta ndi katepi kopyapyala. Ndinachotsa singano pa makina. Pikapu ndinaimangirira pa kathabwa, kathabwako n'kukamanga pa gudumu la kudzanja ndi mphira ya chubu cha njinga, kuti ndikaponda izizungulira. Mpukutu wa waya ndinaukhazika pa kamtengo ka pamwamba kaja, pamene pamakhala ulusi. Kwa ine pamenepo ndiye panali pamalo pake.

Ndinaponda, ndipo zinayamba bwino moti ndinayamba kuimba. Posakhalitsa, thu, waya waduka. Sindinade nkhawa. Ndinagwira nsonga ziwirizo n'kumanga mfundo yanu ija yaing'ono imene kasitomala saiona ngakhale atavala magalasi. Ndinadula tonsonga ndi sizasi n'kupitiriza. Anadukanso, ndinamanganso. Pofika masana anali ataduka kasanu ndi kawiri, ndipo mfundo zonse zisanu ndi ziwiri zinali zokongola zoti mukanandiyamikira. Chiuno chinakwana ndendende ndi muyezo wa pakhoma. Lamulungu kutchalitchi ndinapatsa moni a Kayange mokweza, ndikumwetulira ngati munthu wodziwa chinsinsi.

Lolemba Che Saidi anawotcherera nsonga, anagunditsa mita. Muvi uli phee. Anagunditsanso, anaomba mitayo pa tebulo, anasintha batire. Muvi uli phee. Anafunsa ngati waya anadukapo. Ndinati, "Kasanu ndi kawiri, koma musadandaule, ndinamanga bwinobwino." Amayi, bambo aja anavula magalasi, anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Atapeza mpweya anati, "Mwanangu, magetsi sadziwa mfundo. Wayayu wavala malaya a vanishi thupi lonse. Iwe wamanga malaya ndi malaya, eni ake m'katimo sanagwirane chanza." Anati akaduka pamafunika kupala vanishiyo n'kuwotcherera, ndipo akanandiuza Lachisanu lija ndikanangodikira kuti abwere kumzikiti.

Munkakonda kundiuza kuti safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo ndinadya lambiri. Mfundo zinali zitakwiririka m'kati, kumasula kunali kosatheka popanda kudula paliponse. Ndinatenga lezala n'kudula ntchito yanga yonse pakhonde pomwepo, waya akugwa pansi ngati tsitsi la pa kumeta. Theka la mpukutu linapita choncho. Ndinalira, Amayi, ndipo sikunali kulira kwa maliro, kunali kwa manyazi. Ndinkaona nkhope yanga ili pamzere wa alito, buku la nyimbo lili m'manja, anthu akunong'onezana kuti za gitala zinali za mayi ake, mwini wake analibe nazo mphamvu. Kunatsala masiku khumi ndi waya wa ulendo umodzi.

Che Saidi atasiya kuseka anakhala nane pansi, ndipo ulendo uno ndinafunsa mpaka anatopa. Anati cholakwa choyamba chinali kuika mpukutu pa kamtengo ka ulusi, chifukwa wayayo alibe mphamvu yozunguza chinthu cholemera choncho. Mpukutu uziima pansi, pakati pa miyendo, waya azivuuka yekha kuchokera pamwamba. Akaduka ndisamange kanthu, ndiime. "Koma kuwotcherera waya wotere pakati, ndi manja angawa, sindikulonjeza," anatero. "Kuli bwino asaduke n'komwe. Pole pole, mwanangu, pang'onopang'ono."

Pobwerera kunyumba ndinakumbukira tsiku limene munandiphunzitsa kudzaza bobini ndili Sitandade 4. Ndinkakoka ulusi ngati ndikukoka mbuzi yokana kulowa m'khola, inu n'kundimenya kadzanja, n'kunena kuti, "Ulusi sukokedwa, umaperekezedwa." Nthawi imeneyo ndinkangoti ndi zonena za anthu akuluakulu. Ndinathira mafuta makina onse, ndinakunga lamba, ndipo kwa masiku anayi ndikaweruka ndinkayeserera ndi ulusi wakale wofumbwa uja wosachedwa kuduka, mpaka phazi langa linaphunzira kuyenda ngati la mkwatibwi. Mukudziwa kuti kudekha sindinatengere inu. Masiku anayi amenewo anandivuta kuposa mayeso a Fomu 4.

Ndinasankha Lachiwiri m'mawa, kusanatenthe, chifukwa thukuta la kuno likafika m'zala waya amamata. Ndinatseka zenera kuti mphepo isalowe, ndinathamangitsa nkhuku, ndinadula kansalu kofewa kogwirira waya. Chimene chinkandiopsa chinali alendo. Mukudziwa kuno, munthu akati odi sungamuyankhe uli chikhalire, uyenera kutuluka, kugwada, kufunsa za ana, za ng'ombe, za odwala onse mmodzimmodzi. Ndikaimika makina mwadzidzidzi waya aduka. Ndinawauza adada vuto langa ndikuyembekeza kuti andiseka. Anangonyamula mpando wawo n'kukauika pakhomo penipeni, anavala chipewa, n'kukhala ngati mlonda wa ku banki.

Ndinayamba. Phazi pansi, phazi m'mwamba, gudumu likuzungulira, waya akudutsa m'kansalu pakati pa zala zanga mosamveka n'komwe. Ndinkamuperekeza kuchokera mbali ino kupita mbali iyo, n'kubwerera, kuti asaunjikane pamodzi. Maso anayamba kuwawa. Ntchentche inatera pamphuno panga n'kukhala ngati yalipira lendi, ine osaigwedeza. Kunja ndinamva odi woyamba, mayi wina wa yunifolomu ya mwana. Adada anamulonjera m'Chinkhonde moni wonse wathunthu m'malo mwanga, kenako ndinawamva akuti, "Telala ali mu opaleshoni. Wodwala ni gitala. Mwize mawa." Anabweza anthu anayi m'mawa umenewo, wina anali mkulu wa mpingo. Ndinkafuna kuseka koma ndinkaopa kugwedeza dzanja.

Ndili chapakati, mwendo unagwidwa ndi dzanzi ndipo phazi linaphonya. Mukudziwa khalidwe la makina anu, ukaphonya amabwerera m'mbuyo. Ndinaona gudumu likuima, likufuna kutembenuka, waya akulendewera. Ndinaligwira ndi chikhato chamanzere, dzanja lamanja osasuntha, mpweya ndaumitsa. Ndinalankhula mokweza m'chipinda chopanda munthu kuti, "Amayi, gwirani uko." Sindikudziwa ngati munamva. Ndinazunguza gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka waya anakungikanso, ndipo anali wamoyo. Ndinapukusa mwendo, ndinapitiriza.

Dzuwa lili pamutu ndinaimika makina bwinobwino n'kuzunguliza tepi. Chiuno chinakwana. Pa mpukutu panatsala waya wochepa woti sangamange ngakhale thumba la mchere. Sanaduke ngakhale kamodzi. Ndinatuluka pikapu ili m'kansalu ngati dzira, ndipo adada anangondiyang'ana n'kufunsa ngati wodwala wachira. Ndinati tikamva kwa dokotala wamkulu. Anavala nsapato n'kunditsatira mpaka kumsika ndi bondo lawolo, ndodo akukanabe.

Che Saidi anapala nsonga ziwiri ndi kasandipepa, anapuma kaye kuti manja akhazikike, anawotcherera. Anagunditsa mita. Amayi, muvi unalumpha! Iwo anafuula kuti Alihamudulila, ine ndinafuula kuti Aleluya, nthawi imodzi, mpaka mayi wogulitsa tomato anathamangira kudzaona ngati kwagwa ngozi. Sitinathere pomwepo. Tinasungunula makandulo ndi phula la njuchi m'kachitini koviika m'madzi otentha, n'kumiza pikapu mmenemo mpaka thovu linasiya kutuluka. Akuti zikatero waya sagwedera m'kati, gitala siliza likhweru pa sipika, ndipo chinyezi sichilowanso. Itazizira tinaibwezera pamalo pake n'kulumikiza ku sipika ya m'sitolo. Nsambo ndinali ndisanaike, zakale zinachita dzimbiri. Che Saidi anati ndigogode pa kamaginito kamodzi ndi chitsulo. Ndinatenga sizasi yanu n'kugunda pang'ono. Sipika inayankha kuti gu! Sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo.

Nditamanga nsambo zatsopano ndinaimba pakhonde pomwepo, pamene munkakhala ndi makina anu. Zala zinali zitafewa, zinkawawa, koma sindinasiye. Mawu ake asintha, Amayi. Kale inkalira mopyapyala, tsopano ili ndi chifuwa, ikulankhula ngati munthu wokhuta. A kabaza anaimika njinga, ogula anatuluka m'masitolo. Che Saidi anapukusa mutu n'kunena kuti, "Taonani ine Msilamu ndakonzera Akhristu phokoso. Mayi ako akanandiseka chaka chathunthu." Kenako anauza anthu onse kuti iwo anangowotcherera, fundi, mmisiri weniweni, ndi ine. Pobwerera adada anagula fanta ziwiri, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita chibadwire.

Lachinayi lomaliza ndinafika ku pulakatisi moyambirira. A Kayange anamvetsera manja ali kumbuyo, anazungulira sipika, anagwada kuyang'ana pikapu ngati akufuna kupeza pamene ndabisa wailesi. Anafunsa kuti ndagula kuti. Nditawauza kuti ndakulunga ndekha pa makina osokera, anati ndisawanamize m'nyumba ya Mulungu. Pomaliza anati oimba azolowera kale kiyibodi, choncho ku Uraha pa nyimbo zathu zinayi andipatsa imodzi yokha, yoyamba, zina zitatuzo ndikhale pansi, ndipo za m'tsogolo tikaona anthu akailandira bwanji. Mkwiyo unabwera, koma ndinaumeza. Ndinangopempha kuti nyimbo imodziyo ikhale yanu ija ya nkhosa, ndipo ng'oma za m'makina azizimitse.

Loweruka tinakwera lole m'mamawa, gitala ili pamiyendo panga, fumbi la msewu likutipaka ngati ufa. Tchalitchi cha ku Uraha chinadzaza mpaka anthu ena anaima m'mazenera. Makwaya asanu anaimba ife tisanalowe, ndipo onse anali ndi kiyibodi, onse ng'oma zofanana, moti ukatseka maso sukanadziwa kuti asinthana. Itafika nthawi yathu ndinaima kumanja kwa oimba. Ndinaganiza za waya uja, wopyapyala kuposa tsitsi, kuti moyo wanga wonse wa mu kwaya wapachikika pa iye. A Kayange anakweza dzanja n'kundigwedezera mutu.

Ndinayamba ndekha, pang'onopang'ono, mmene munkaiimbira mukamapinda mpendero. Mizere iwiri yoyamba munalibe mawu a munthu, gitala yokha. Phokoso la m'tchalitchi linazima, ngakhale ana analeka kulira. Oimba atalowa anapeza malo opumira, mawu anatuluka onse, mabesi akugunda pansi ngati mtondo. Tisanafike pakati, gogo wina wa kutsogolo anaimirira n'kuyamba kuimba nafe maso ali chitsinzinire, anzake anamutsatira, kenako tchalitchi chonse. Pomaliza nthungululu zinaphulika mbali zonse, amayi ena akuvula zitenje n'kumakupiza m'mwamba. Ine ndinkangoyang'ana pansi chifukwa misozi inali itatseka maso, ndipo ulendo uno inali ya chimwemwe chokhachokha.

Ndinayamba kuvula lamba wa gitala kuti ndikakhale pansi monga tinapanganirana. Mphwawo wa a Kayange anali ataika kale zala pa kiyibodi kuti ayambe nyimbo yachiwiri. A Kayange anamutambasulira chikhato kuti adikire. Anatembenukira kwa ine pamaso pa anthu onse aja n'kunena kuti, "Amama Tumpale, mukuya nkhu? Yambani." Ndinabwezera lamba paphewa. Nyimbo zinayi zonse ndinatsogolera ine, kiyibodi ikubwera pambuyo mwaulemu, ndipo kunena zoona mnyamatayo akamatsatira amaimba bwino. Titatuluka a Kayange anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kundithokoza kuti, "Ndaga fijo. Malo ghala ni ghinu, palije wakuwatola." Ndinawapepesa chifukwa cha mawu anga a tsiku lija. Anati anawaiwala, koma akazi awo akuwakumbukirabe.

Choncho malo anu ndawasunga, Amayi. Lata lija Gwakisa wakhoma lina, ndipo chitseko cha chipinda chanu sichikutsekedwanso. Oimba magitala awiri a m'makwaya ena anandifunsa ngati ndingawakulungire mapikapu awo akufa, ndipo ndawauza kuti apeze okha waya, komanso kuti adada ndi amene amapereka tsiku la opaleshoni.

Mpunga tikagulitsa tikumangirani chiliza mwezi wa Okutobala, mvula isanayambe. Ndikulonjeza kuti tsiku limenelo ndidzabwera ndi gitala, sipika ndi batire ya galimoto, ndidzakhala pambali panu n'kukuimbirani mpaka batireyo ithe, kuti mudzadzimvere nokha ntchito ya makina anu. Ndikudziwa kuti simukhulupirira chinthu musanachitembenuze kunsi, monga munkachitira ndi diresi iliyonse imene ndasoka. Mudzaitembenuze mmene mungafunire, Amayi. Simudzapezamo mfundo ngakhale imodzi.

Ndimakukondani lero kuposa dzulo.

Ndine mwana wanu,
Tumpale